Dzenje la a Palafini

Mwezi uno chakwana chaka chiwaikireni m'manda akulu anga, a Yelemiya Tembo, amene anthu onse kuyambira ku Chongwe mpaka ku Palabana ankawadziwa ndi dzina loti a Palafini. Abusa andipempha kuti Lamulungu likudzali ndidzanene mawu awiri atatu owakumbukira, poti m'bale wawo amene watsala kuno ndine ndekha. Ndavomera. Koma zimene ndidzanene m'tchalitchi ndi zina, zimene ndikulemba pano ndi zina. Pamaso pa anthu sindingaimirire n'kunena kuti munthu ameneyu ndinkamuchitira nsanje kuyambira tili ana mpaka tsiku limene tinamukwirira. Ngakhale pamaliro pomwe, nditaona njinga zitatsamira mtengo uliwonse ndi ngolo zitandandalika mpaka kumsewu, mtima unandinong'oneza kuti, iwe Lazalo, pa ako sipadzafika ngakhale theka la anthu awa.

Kuno ndinayamba kufika ndine, zimenezi zidziwike. Ndinachoka kwathu ku Fort Jameson ndi kabulangete kamodzi, ndinagwira ntchito pafamu ya mzungu, ndinakwatira mwana wa eni dziko, wa mtundu wa Asoli, amene pano timati amake Esitere, ndipo akwawo anandipatsa malo pafupi ndi mtsinje wa Kanakantapa. Akulu anga anabwera patapita zaka zisanu, atatopa ndi kuyendayenda ndi azungu oboola zitsime m'mafamu. Amene anakagwada kwa apongozi kuwapemphera malo ndine. Amene anawadulira mitengo ya nyumba ndine. Koma mvula isanagwe kawiri, anthu odutsa anayamba kutchula mudzi wathu kuti kwa a Yelemiya, ndipo ine, mwini wake wa njira yonseyi, ndinasanduka mng'ono wa a Yelemiya. Ngakhale apongozi anga enieni, akapha mbuzi, mwendo unkayamba wapita kwa iwo.

Sindinganame kuti ankachita kudzikweza. Vuto lake linali lomwelo, sankachita kalikonse. Ankangokhala pansi, anthu n'kumabwera okha. Anali aatali, a mawu okhuthala, ndipo akaseka ankagwira phewa la munthu amene ali pafupi n'kumugwedeza mpaka chipewa kugwa. Mwana aliyense ankamupatsa moni ndi dzina la agogo ake, mwanayo n'kumayenda tsiku lonse atatukumuka. Chinthu chilichonse chatsopano ankayamba achinunkhiza: nsalu, mbewu, kalata yochokera ku boma, ngakhale buku la nyimbo. M'thumba la jekete simunkasowa bokosi la machesi, ngakhale fodya sankasuta. Ine ndikanena nkhani pabwalo, anthu ankayang'ana pansi kudikira kuti ndimalize. Iwo akabwereza nkhani yomweyo mawa lake, mawu anga omwewo, anthu ankagwa nako kuseka n'kumati a Yelemiya ali ndi nzeru.

Chuma chawo chinali ng'ombe ziwiri zapagoli, Bantomu ndi Jelemani. Anazigula ndi thukuta la zaka zonse zimene anakhala akunyamula mapaipi a azungu. Ankazikonda ng'ombe zija moti alamu anga, amake Tomasi, ankadandaula kuti iwo akadwala amauzidwa kuti zichita bwino, koma Bantomu akangotsokomola bambo sadya. Zinkalima mzere wowongoka popanda chikwapu, zinkangomvera mluzu. Ine nthawi imeneyo ndinali ndi khasu chabe, ndipo chaka chilichonse akamaliza munda wawo ankabwera kudzandilimira wanga osapemphedwa. Ndinkathokoza pakamwa. Mumtima ndinkawawidwa kuti ngakhale chimanga chimene ana anga akudya anthu akudziwa kuti chalimidwa ndi ng'ombe za a Yelemiya.

Mkangano wawo wa moyo wonse unali wa palafini. Ankakangana ndi Mmwenye wa sitolo ya kumsewu waukulu, ankakangana ndi madalaivala a malole opita ku Fort Jameson, ankakangana ndi aphunzitsi. Mfundo yawo inali imodzi. Ankati mafuta amadula chifukwa amachokera kutali: amakwera sitima ya pamadzi, amakwera sitima ya pamtunda, amakwera lole, ndipo aliyense amene wawanyamula amafuna kudya, ndiye pofika mu koloboyi ya mayi wamasiye amakhala atadyetsa dziko lonse. Kwa azungu oboola zitsime anamva kuti petulo ndi palafini sizipangidwa m'sitolo, zimachokera pansi panthaka. Kuyambira tsiku limenelo mtima wawo sunakhalenso m'malo. Ankati Mulungu amene anaika kopa, mkuwa uja wa kumigodi, pansi pa dziko lino sangaiwale kuikapo mafuta, kungoti palibe amene wafunafuna.

Ndiye kunabwera chaka chija palafini anasowa. Tinkangomva kuti kwina kutali kuli nkhondo, sitima zapamadzi sizikudutsa. Malole anachepa pamsewu. Mmwenye anayamba kugulitsa palafini ndi kabotolo ka mankhwala, mtengo wake wa botolo lalikulu. Azimayi anabwerera ku nsatsi, kuzitunga pa kamtengo n'kumaunikira, utsi wake uli tolotolo m'nyumba. Kwa akulu anga chimenechi chinali chipongwe. Ankati takhala ngati anthu ogona ndi njala pamwamba pa nkhokwe.

M'munsi mwa minda yathu muli dambo. M'chilimwe madzi akaphwa, pamatsala timadziwe tofiira m'mbali, ndipo pamwamba pa madziwo pamayandama kanthu konyezimira, ka mitundu ya utawaleza, kofanana ndendende ndi palafini akatayikira m'madzi. Tsiku lina m'mawa akulu anga, akumwetsa ng'ombe, anagwada n'kukayang'anitsitsa. Ananunkhiza. Anayatsa machesi, osayaka. Koma iwo anali nalo kale yankho: anati pamwamba mafuta asungunuka ndi madzi, enieni okhathamira ali pansi. Pofika masana mudzi wonse unali kudambo.

Mkazi wanga anali ndi pakati pa mwana wathu wachitatu, akukonzeka kupita kwa amayi ake kutsidya la Chongwe kukadikira. Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, anandiitana kuti ndimuperekeze kukatunga madzi. Titafika pa kadziwe kaja anathyola kaudzu.

“Onani, atate ake Esitere,” anatero. Anabaya konyezimira kaja. Kanasweka tizidutswatizidutswa ta nsongansonga ngati mbale yadothi, ndipo tizidutswato sitinabwererane. “Mafuta mukawabaya amabwelela pamodzi. Aka sikabwelela. Ni nguwe ya mwala wofiila uli pansi apa, dzimbili chabe. Ambuya anga enze osula makasu, ndiye mwala wamene enze kukumba. Ananionetsa nikali mwana.”

Ndinabaya nanenso. Kanasweka.

“Muwauze alamu,” anapitiriza. “Nikakamba ine, olo akwathu, azaganiza kuti tikana na dambo yathu. Koma imwe ndimwe m'bale wawo, azamvela. Muwabweletse pano, muwaonetse na kaudzu.”

Ndinati ndiwauza. Mawa lake mkazi wanga ananyamuka ulendo wa kwa amayi ake, mtima uli phee.

Lamulungu lotsatira titatuluka m'tchalitchi, amuna tinakhala pansi pa mkuyu kukambirana ngati tikumbe kapena ayi. Unali mkangano weniweni, mpaka dzuwa linapendeka. Akulu anga anati tikapeza mafuta athuathu, koloboyi idzayaka m'nyumba iliyonse, malole adzatsitsa mtengo, chigayo chidzabwera pafupi. Aphunzitsi anawatsutsa. Anati kopa amakumbidwa konkuno, koma pitani kusitolo mukafunse mtengo wa waya mukaone ngati ndi wotsika; amene amaika mtengo si mwini nthaka, ndi mwini sikelo. Amalume ake a mkazi wanga, munthu wofatsa, anati iwo chimene akuopa ndi china: mzungu akangomva kuti pano pali mafuta, adzabwera ndi waya waminga monga anachitira ndi malo a mafamu, ndipo ng'ombe zathu zidzamwa kuti? Anawonjezanso kuti madzi aja akhala akunyezimira chomwecho kuyambira kale. Akulu anga anaseka n'kunena kuti ndiye umboni wake umenewo, mafutawo ndi ambiri, zaka zonsezi akungotuluka osatha.

Anthu anagawanika pakati. Pamenepo amalume aja anatembenukira kwa ine.

“Ba Lazalo, imwe munakwatila kuno, dambo iyi muidziwa. Mukambapo bwanji?”

Aka kanali koyamba kuti bwalo lonse likhale chete kudikira mawu anga. Kaudzu kanali pomwepo pa phazi langa. Dambo linali pafupi, mtunda woti munthu akakuwa amamveka. Ndinayang'ana akulu anga atakhala pakati, anthu atawazungulira, nkhope ili ngwee, ndipo ndinaganiza kuti: mulekeni kamodzi kokha agwe, anthu aone kuti nayenso ndi munthu. Sindinaganize za mwendo, sindinaganize za ng'ombe. Ndinkangofuna kuti asekedwe mlungu umodzi.

“Akulu ndiye adziwa za pansi,” ndinatero. “Anasewenza na makina. Ise tingakambe chani?”

Mawu amenewo ndi amene anamaliza mkangano. Anthu anati ngati m'bale wake, mkamwini wa eni dambo, sakutsutsa, tiyeni tiyese.

Poyamba zinali ngati chikondwerero. Amuna khumi ndi awiri ndi mapiki ndi mafosholo, azimayi akubweretsa thobwa. Dzenje linafika m'chiuno, linafika m'khosi, linapitirira. Madzi ankalowa, ife n'kumakapa ndi ndowa. M'mawa uliwonse pamadzi a m'dzenjemo pankapezeka konyezimira kaja, ndipo akulu anga ankatiitana kuti tidzaone kuti tayandikira. Ine ndinkakumba nawo, ndinkakumba mwamphamvu kuposa onse, ndipo tsiku lililonse ndinkadziuza kuti mawa ndiwauza.

Titafika pa mwala wofiira, mapiki anayamba kubwerera. Akulu anga anati pakufunika mapaipi, tcheni ndi chitsulo cholemera chogogodera, monga ankachitira ndi azungu. Kapitawo wa pafamu ina anali nazo zakale. Anafuna ng'ombe ngati malipiro. Ndinali pomwepo tsiku limene Bantomu ndi Jelemani ankatuluka m'khola. Alamu anga anagwira chipata cha khola akulira, akuti bambo, tidzalima ndi chiyani? Akulu anga anawachotsa dzanja mwaulemu n'kuwauza kuti chaka chamawa adzagula zinayi. Ng'ombe zija zinakana kutsatira mlendo, mpaka mwini wake anaziimbira mluzu n'kuziperekeza yekha kukafika kumsewu. Pobwera anangolowa m'nyumba. Ine ndinali nditaimirira pafupi ndi nkhokwe, ndipo Mulungu andikhululukire, pansi pa chisoni changa panali kachimwemwe kakang'ono koti tsopano tonse ndife a khasu.

Mitambo itayamba kusonkhana, anthu anabalalika mmodzimmodzi kukasosa minda. Tinatsala atatu, kenako awiri. Mvula yoyamba inagwa Lachinayi. Loweruka m'mawa akulu anga analowa m'dzenje kukamasula paipi imene inakanirira, ine ndili pamwamba ndi chingwe. Ndinangomva phokoso lofewa, ngati thumba la chimanga lagwa pangolo. Khoma la mbali ya kudambo linali litagumuka. Ndinakuwa, ndinatsika, ndinafukula ndi manja mpaka zikhadabo kuzuka. Mutu ndi chifuwa zinali pamtunda, koma mwendo wakumanja unali utapanikizika pakati pa paipi ndi mwala. Tinawatengera ku chipatala ku Lusaka pa lole ya makala. Anabwerako patatha miyezi iwiri, mwendo uli wopindika, wofupika, ndipo sanagwirenso khasu moyo wawo wonse.

Mkazi wanga atabwera ndi khanda kumbuyo, anapeza zonsezi zitachitika. Asanatsitse n'komwe katundu anandifunsa ngati ndinawauza. Ndinati ndinawauza, koma sanamve, mukuwadziwa alamu anu. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anakalowa m'nyumba.

Tsono tamverani zimene zinachitika. Ine ndinkayembekeza kuti munthu wagwa, anthu amuseka, adzakhala wamba ngati ife. Anamusekadi. Anyamata a kumsewu ndi amene anayamba kuwatchula kuti a Palafini. Koma iwo analitola dzinalo n'kulivala ngati jekete yatsopano. Mlendo akafika ankadzitchula okha kuti ndine Palafini, uja anagulitsa ng'ombe kugula dzenje. Nkhani ya dzenje ankaifotokoza okha, akutsanzira kulira kwa Bantomu ndi nkhope ya kapitawo, anthu n'kumagubuduka. Popeza sankathanso kulima, ankakhala pa mwala wina waukulu m'mbali mwa njira ya kudambo, mwendo atautambasula, akusoka mphasa ndi kukonza makoloboyi a anthu. Mwala uja unasanduka bwalo. Okangana ankapita pomwepo, ofuna mbeta ankapita pomwepo, ngakhale aphunzitsi amene anawatsutsa aja ankathera Loweruka lonse pomwepo akukangana nawo za mafuta, chifukwa mfundo yawo sanaisiye. Ankati analakwitsa malo, osati nzeru. Munthu wopanda ng'ombe, wopanda mwendo, koma anthu kumuunjirira kuposa kale. Ine amene ndinadzagula ng'ombe zanga ziwiri patapita zaka ziwiri, palibe anabwera kudzaziona.

M'nyumba mwawo munali njala, zimenezo anthu a pamwala sankaziona. Alamu anga ankalima okha ndi khasu. Mwana wawo Tomasi anasiya sukulu n'kupita kumigodi. Ine ndinkawalimira munda ng'ombe zanga zitabwera, ndipo akulu anga ankandithokoza pamaso pa anthu, ankati onani mng'ono wanga, ndani ali ndi m'bale ngati uyu. Mawu amenewo ankandiwotcha kuposa kutukwanidwa.

Chilimwe chawo chomaliza chifuwa chinawagwira, anaonda mpaka jekete kumalendewera. Tsiku lina m'mawa anatumiza uthenga kuti ndibwere. Anati ndiwaperekeze kudambo, akufuna kuona dzenje lawo. Tinayenda pang'onopang'ono, dzanja lina pa ndodo, lina paphewa langa. Dzenje linali litakwiririka theka, mapaipi ali dzimbiri lokhalokha, ndipo pamadzi panali konyezimira kaja, kosalala bwino. Anakhala pansi movutikira. Ananunkhiza mpweya monga mwa chizolowezi chawo. Kenako anathyola kaudzu, anatambasula dzanja, anabaya. Kanasweka.

Ndinatembenuka kuwayang'ana.

“Mlamu wanga, amake Esitere, ndiye ananionetsa,” anatero osandiyang'ana. “Tsiku loyamba n'nayenda na ndodo ananibweletsa pano. Enze okalipa. Anati, alamu, n'chifukwa chani simunamvele vamene anakuuzani mng'ono wanu? Ine n'nati, aniuza chani? Ndiye anathyola kaudzu.”

“Munamuyankha bwanji?” Ndi zokhazo zimene zinatuluka pakamwa panga.

“N'nati, ee, ananiuza, ine ndiye n'nali na nthota, wosamva za anzanga. Nenze kufuna kuti nyumba yako ipasuke? Ana atatu?”

Mbalame zinkalira m'bango ngati palibe chachitika.

“Zaka zonsezi munakhalilanji chete?” ndinafunsa.

“Nenze kuyembekeza kuti uzaniuza weka, Lazalo. Tsiku lililonse ukabwela pa mwala paja nenze kuti, lelo akamba. Manje nthawi yanga yachepa, nalema kuyembekeza.” Anataya kaudzu kaja m'madzi. “Bantomu nimamulota mpaka lelo. Mwendo ulibe kanthu, koma ng'ombe zija zinaniwawa.”

Apa ndi pamene munthu amagwada n'kupepesa. Ine sindinagwade. Chimene chinandiletsa sichinali manyazi okha. Ndinkaganiza kuti, taonani, ngakhale apa wandipambana. Ine ndinasunga mawu kuti ndimugwetse, iye anasunga mawu kuti andisungire banja. Ndinangoti, tiyeni tibwerere, mphepo ikuwonjezerani chifuwa. Anandiyang'ana, anadikira pang'ono, kenako anaika dzanja paphewa langa n'kudzuka. Panjira anangonena chimodzi, kuti munda wa alamu ako usadzagone. Patatha milungu itatu anamwalira, ine ndikuti mawa ndipita ndikanene.

Munda wa alamu anga sunagone, ndimaulima ndisanalime wanga. Palafini anabwerera m'sitolo, mtengo wake sunatsike, ndipo aphunzitsi alibenso wokangana naye. Mwala uja ulipo m'mbali mwa njira. Pamene pankakhala chidendene cha mwendo wopindika uja panakumbika kadzenje, udzu sunamerepo mpaka pano. Palibe amene amakhalapo. Ine ndinayesa kamodzi kukhala pambali pake ndi mphasa yosoka, anthu anandipatsa moni mwaulemu n'kupitirira. Azimayi opita kukatunga madzi akafika pamenepo amatsitsa mawu, ena amati tadutsa pa a Palafini.

Dzulo m'mawa, ndikuganiza zoti ndidzanene m'tchalitchi, ndinatsikira kudambo. Mapaipi amira m'matope, achule akhazikika m'dzenje. Konyezimira kaja kanali pomwepo, kathunthu, ka mitundu yake yonse. Ndinagwada, ndinathyola kaudzu, ndinabaya. Kanasweka nthawi yomweyo, sizinanditengere ngakhale nthawi yomangira chingwe cha nsapato. Ndinacheuka kuyang'ana kumwala kuja. Panalibe woti ndimuonetse.